Wezulo ya Nambala 14

Chikondi cha Tadala ndi Kalisto sichinkadya mayunitsi. Kalisto ankamudikirira pa siteji ya Chinseu madzulo aliwonse, n'kumuperekeza mpaka pa kiyosiki ya madzi. Pamenepo ankaima, chifukwa kupitirira apo maso a bambo ake a Tadala, a Mulepa, ankafika. Akatero ankatsetsereka kukawoloka mtsinje wa Nasolo, ndipo akalowa m'nyumba kwa amalume ake kutsidyako ankangofulasha kawiri. Foni ya Tadala ikanjenjemera kawiri, ndiye kuti munthu wafika wamoyo. Tadala ankabweza kamodzi. Nkhani zotsala ankasungirana za mawa, ndipo zinkakhala zambiri ndithu.

Vuto linali kamlatho ka pa Nasolo. Kanali ka matabwa, nthochi mbali zonse, ndipo kukangoda anyamata ena ankakasandutsa ofesi yawo. Foni, nsapato, ngakhale jumbo ya tomato, zonse ankalandira. Tsiku lina mu Juni, Kalisto anafika pa siteji thumba la malaya litang'ambika, akuseka ngati palibe chachitika. Tadala sanaseke nawo.

M'dera la kwawo kwa Tadala munali komiti ya chitetezo, ndipo tcheya wake anali a Mulepa omwewo. Apolisi atakhazikitsa komitiyo anapereka mawezulo achitsulo, nyumba iliyonse yake, ndipo a Mulepa anapita nawo kwa wokhoma zidebe kumsika kuti akawadinde manambala. Wezulo imodzi ikalira, ena onse ankayankha, amuna n'kutuluka ndi matochi. Malamulo analemba okha a Mulepa. Lamulo lachisanu ndi chiwiri linkati wezulo ndi ya nyumba, ndipo nyumba ikangoipereka kwa munthu wakunja, mwini nyumbayo achoke m'komiti tsiku lomwelo, wezuloyo ibwerere. Tadala ankalidziwa bwino lamulolo, poti ndiye anakopera malamulo onse pa chipepala chachikulu chokhoma kusukulu. Koma mtsikana amene waona thumba long'ambika la munthu wake sakhala ndi nthawi yokumbukira zipepala.

"Tambasulani dzanja," anatero Tadala madzulo otsatira atafika pa kiyosiki.

"Maswiti?"

"Mwakula inu."

Kalisto anayang'ana chimene chinagwera m'dzanja lake. Anachitembenuza, n'kuona nambala 14.

"Iyi si ya adadi ako iyi?"

"Ndi ya nyumba yathu. Ine si wa m'nyumbamo?"

"Tadala, bambo ako aja amawerenga ndi machesi omwe m'bokosi."

"Iwo ali ndi yawo ya utcheya. Iyi imangokhala pamsomali kuseri kwa chitseko, pansi pa renikoti. Mvula ibwera Novembala. Mpaka nthawi imeneyo palibe angaigwire renikotiyo."

"Nanga ikafika Novembala?"

Tadala anayang'ana pansi, n'kumafukula dothi ndi chala chakuphazi.

"Pofika Novembala amalume anu adzakhala atabwera kudzagogoda kwathu. Kapena ndikuwerengera ndekha?"

Kalisto anavala chingwe cha wezuloyo m'khosi, n'kuibisa m'kati mwa malaya, pafupi ndi kolona yake.

"Ikuzizira," anatero.

"Itentha. Anyamata aja akakuyandikirani, imbani basi. Ndirande yonse idzuka."

Tsiku limenelo Tadala anaphwanya mwambo wawo. Atalandira mafulashi ake awiri, anawononga yuniti n'kulemba uthenga: Musamaivule wezuloyo. Ndikufuna mufike Novembala muli wathunthu.

*

Patapita masabata atatu, Lachitatu madzulo magetsi atazima, wezulo inalira kumtunda kwa dera. Amuna onse anathamangira komweko, koma sanapeze kanthu. Pobwerera anapeza okala ya a Majidi, yomwe inali kumunsi, ili pululu. Akuba anali ataphunzira nyimbo ya dera. Mmodzi ankaimba wezulo uku, anzake akunyamula uko.

Kuyambira tsiku limenelo achitetezo anayamba kusecha m'khosi mwa mlendo aliyense. Tadala anazimva yekha pakamwa pa bambo ake, ndipo anatsimikiza mumtima kuti Lachisanu akailanda wezulo ija. Koma Lachisanu Kalisto anabwera ndi nkhani yoti amalume ake avomera, ati angodikira akolole nandolo kumudzi ku Nsanje. Tadala anasangalala mpaka anaiwala ndi dzina lake lomwe. Anakumbukira za wezulo ataika kale phazi pakhonde.

Anaimba foni. Sinayankhidwe. Kenaka kumunsi, cha ku Nasolo, mawezulo anayamba kulira.

Anakhala pamphepete pa bedi foni ili m'manja. Phokoso linakula, n'kuchepa, n'kutha. Foni sinanjenjemere.

A Mulepa analowa cha m'ma eyiti, jekete lawo lowala litathothoka zipi, pachipumi pakutuluka magazi. Mayi ake a Tadala, a Selina, anagwetsa mbale.

"Ndi mwala chabe," anatero a Mulepa. "Sunali wanga n'komwe. Ankagenda mnyamata amene tamugwira pa kamlatho. Ndachita kumukumbatira. Ndawauza kuti amene akufuna kumenya ayambe ine. Dera lino tinasiya zoveka anthu matayala, ndipo sitibwererakonso ine ndili moyo."

Sanakhale pansi. Anapita kuseri kwa chitseko, n'kunyamula renikoti. Msomali unali wokhawokha.

Kenaka anapisa m'thumba, n'kuika wezulo patebulo, nambala ikuyang'ana kumwamba.

"Wakuba analowa m'nyumba muno, mayi a Tadala. Mpaka kuseri kwa chitseko changa."

"Iyeyo akuti waitenga kuti?" anafunsa a Selina.

"Akuti anatola. Kumufunsa anatola pati, kuli zii. Mnyamata waulemu wake, Msena, amagwira ntchito ku Chirimba. Ndamva naye chisoni. Amalume ake, a Rafaeli, amutenga, alonjeza kubwera naye ku msonkhano Lamulungu. Akapanda kunena zomveka, a sajeni a ku polisi anyamuka naye, ndipo mlandu wa okala ya a Majidi ukhala wake."

Tadala anatsegula pakamwa. Mawu anali atafika kale pa lilime.

"Tadala, tenga madzi otentha ndi kansalu," anatero amayi ake.

Bambo ake atakhala pansi, anagwada pambali pawo n'kumawapukuta chilondacho. Anaiwala kufinya kansalu moti madzi ankatsikira m'makutu mwawo. A Mulepa anamugwira dzanja.

"Usaope, mwana wanga. Bambo ako alipo. M'nyumba muno salowanso munthu."

Mawu aja anabwerera kukhosi, ndipo anakhala komweko mpaka m'mawa.

*

Loweruka m'mawa, pa mzere wa pa kiyosiki, Feston anamupeza.

Feston anali wachiwiri kwa tcheya, ndipo jekete la chitetezo ankachita kulisita. Anzake ankalivala polondera pokha, iye ankapita nalo ndi kometetsa komwe. Kwa zaka ziwiri anali akumufunsira Tadala, ndipo kwa zaka ziwiri Tadala anali akumuyankha mwaulemu womwe munthu amayankhira wogulitsa mapoto amene sakuwafuna.

"Asisi, tapatukani pang'ono," anatero Feston.

"Malo anga pamzere atha."

"Ndiye ndiyankhule pompano?"

Anatulutsa foni m'thumba la jekete. Inali Nokia yakale, yomangidwa ndi labala. Tadala anaidziwa. Anasiya chidebe n'kumutsatira kuseri kwa kiyosiki.

"Katundu wa ogwidwa ndimasunga ndine," anatero Feston. "Mkulu wanu uja ndi wochenjera. Dzina lanu mulibe umu. Analemba kuti Novembala. Koma nambalayi ine ndimaidziwa pamtima, poti ndaifulasha zaka ziwiri osayankhidwa." Anawerenga pang'onopang'ono, ngati mwana wa sitandade thuu. "Musamaivule wezuloyo. Ndikufuna mufike Novembala muli wathunthu."

"Si uthenga wanu umenewo."

"Ndikudziwa kuti si wanga. Mukuganiza kuti sizikundipweteka?" Pamenepo mawu ake anatsika, ndipo kwa kanthawi anaoneka munthu wamba, wachisoni. Koma sizinachedwe. "Tamverani, Tadala. Lamulo lachisanu ndi chiwiri munalemba ndi dzanja lanu. Mawa mukatsegula pakamwa, a tcheya agwa pamaso pa dera lonse. Madala amene aja komitiyi ndi moyo wawo. Chichokereni ntchito, chimawadzutsa m'mawa n'chiyani? Ine uthengawu ndifufuta, palibe adziwe. Inu mungokhala chete."

"Nanga Kalisto?"

"Achimwene aja ndi akutsidya. Akaona okha ndi apolisi. Ngati sanabe, atuluka."

"Atuluka liti? Ntchito yawo iwadikira?"

Feston anakweza mapewa, n'kubweza foni m'thumba.

"Ine ndimakufunirani zabwino, inu ndi banja lanu lonse. Tsiku lina mudzaziona."

Tadala anabwerera pamzere n'kupeza chidebe chake atachikankhira kumapeto. Anayambiranso. Ali chiimire anazindikira chimene chinamuwawa koposa: Feston sakanaluza. Iye akakhala chete, Kalisto apita. Akayankhula, jekete la utcheya ligwera m'manja mwa Feston yemweyo.

*

Masana anauza amayi ake kuti akupita kokonzetsa tsitsi, n'kuwoloka kamlatho. Pa thabwa lina panali magazi ouma. Anawalumpha osayang'ananso.

A Rafaeli anali pakhonde akusoka nsapato. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe Novembala?"

Tadala anagwada.

"Takhuta, zikomo mwananga, wabwera. Lowa. Mwina iwe akumvera. Ine ndalephera naye."

Kalisto anali atakhala pamkeka, mlomo utatupa, diso limodzi litatsinzina. Atamuona anayesa kumwetulira, n'kusiyira panjira chifukwa cha ululu.

"Usandiyang'ane choncho. Ndinali wosaoneka bwino kale."

Tadala anakhala pambali pake. Anamugwira tsaya ndi nsonga za zala, mopepuka ngati akugwira dzira. Misozi imene anaisunga usiku wonse inatsika yokha.

"Ndine ndakupwetekani."

"Iwe unandipatsa wezulo. Miyala anagenda ena."

"Bwanji simunanene? Mukanangoti wandipatsa ndi Tadala, basi."

"Pamaso pa khamu lija? Dzina lako lizikatchulidwa pamodzi ndi miyala?" Anapukusa mutu. "Tadala, m'khamu lonse lija ndinalibe munthu. Ena anali atathamangira kale tayala. Amene anandikumbatira ndi bambo ako. Mutu wanga unali pachifuwa pawo, ndinkamva mtima wawo ukugunda. Mwala umene unawatema unali wanga. Munthu ameneyo ndikamuvule jekete pamaso pa anthu ake?"

"Ndiye mukalowe m'selo?"

"Apolisi afufuza. Aona kuti Lachitatu sindinali kwa a Majidi."

"Lachitatu munali kuti?"

Kalisto anayang'ana kuchitseko.

"Munali ndi ine pa Chinseu, tikudya chimanga. Ndiye mukawauza kuti munali ndi ndani? Novembala?"

Kalisto anaseka, n'kugwira mlomo.

"Usandiseketse, iwe."

"Sindikuseka ine. Ndimakukondani, Kalisto, ndipo adadi ndimawakonda. Ndagona ndikuwerenga malata usiku wonse kufuna njira yoti nonse mutuluke bwino. Palibe."

"Ndiye sankha bambo ako. Ine ndine mnyamata, ndipira. Iwo akagwa pa msinkhu umene uja sadzukanso."

Tadala anatsamira phewa lake. Malaya ankanunkha sopo ndi fumbi. Pakhosi pake panali mzere wofiira pamene chingwe cha wezulo chinamukwalula pochikoka. Anakhala choncho mpaka mthunzi wa chitseko unafika pamapazi awo.

"Ndilonjeze kuti mawa ukhala chete," anatero Kalisto.

Tadala anaimirira, n'kukonza chitenje.

"Muzipaka mafuta pamlomopo. Pakuuma."

*

Msonkhano unachitika Lamulungu masana pabwalo la sukulu, anthu atatuluka m'matchalitchi. Amayi anakhala mbali yawo pazitenje, abambo pamabenchi a ana. Kutsogolo kunali tebulo, ndipo kuseri kwake kunakhala a Mulepa ndi pulasitala pachipumi, Feston, ndi a sajeni, mayi wamfupi wa ku polisi amene ankayang'anira makomiti a chitetezo. Patebulopo panali foni yomanga ndi labala, ndi wezulo.

Kalisto anaimirira pakati, manja kumbuyo, malaya oyera atawapisira bwino.

"Mwana wanga," anatero a Mulepa, "pano palibe akumenye. Ndikufunsa pamaso pa anthu ndi pamaso pa boma. Wezulo iyi unaitenga kuti?"

"Ndinatola, bambo."

"Pati?"

"Sindikukumbuka."

Anthu anang'ung'udza. A Majidi anaimirira n'kunena kuti katundu wa zaka zisanu ndi zitatu anatha usiku umodzi, ndipo munthu akuti sakukumbuka. Anawakhazika pansi.

"Ndikufunsanso. Lachitatu madzulo unali kuti?"

"Ndinkangoyenda."

"Ndi ndani?"

"Ndekha."

A Mulepa anapuma mozama. Anali atatopa, ndipo zinkaonekeratu kuti sakufuna kuchita chimene chinatsala. Anatembenukira kwa a sajeni. A sajeni anatseka kope lawo, n'kuyamba kuimirira.

Tadala anaimirira poyamba. Amayi ake anamukoka chitenje, koma anali atapita kale. Atafika kutsogolo anagwada, osati kwa a sajeni, koma kwa bambo ake.

"Adadi, sanatole. Ndinawapatsa ndine."

Kalisto anatseka diso lake lotsala lija.

"Ndinaichotsa pamsomali mu Juni. Akuba anawachita chipongwe pa kamlatho, ndiye ndinkaopa kuti tsiku lina adzawapha. Lamulo ndinkalidziwa. Sanabe kanthu m'nyumba mwathu, sanapondemo n'komwe. Lachitatu anali ndi ine pa Chinseu mpaka magetsi anayaka. Ndi munthu amene ndikufuna kukwatiwa naye."

Mawu omalizawo sanali m'gulu la amene anakonza, koma anatuluka.

Kumbali ya amayi kunamveka mawu a Zeinabu, wootcha chimanga pa siteji.

"Zimenezo n'zoona, a tcheya. Anakhala pa benchi langa awiriwa. Chimanga chimodzi, anthu awiri, ola lathunthu. Makasitomala ena anachita kudyera choimirira."

Anthu anaseka, mpaka a sajeni anabisa pakamwa ndi kope. A Mulepa okha sanaseke. Ankayang'ana mwana wawo ngati akumuona koyamba. Tadala akanakonda akanamukalipira.

"A sajeni," anatero potsiriza, "mnyamatayu alibe mlandu. Mubwezereni foni yake. Akuba a kwa a Majidi tikuwafunabe." Anatembenukira kwa Kalisto. "Dera lino lakulakwira. Pepa."

Kenaka anaimirira, n'kuloza chipepala chokhoma pakhoma la kalasi.

"A Feston, tiwerengereni lamulo lachisanu ndi chiwiri."

"A tcheya, mwina tikambirane kaye," anatero a sajeni. "Mwana ndiye walakwitsa, osati inu. Dera lino lakhala bata chifukwa cha inu."

Anthu ambiri anavomereza. Ngakhale a Majidi anati zimenezo zisiyidwe.

"Chaka chatha," anatero a Mulepa, "tinachotsa a Venansio chifukwa mwana wawo anabwereketsa wezulo kwa anzake oimbira mpira. A Venansio ali apo. Ndinawawerengera lamuloli ndine. Lero lisinthe chifukwa lagogoda pakhomo panga?"

A Mulepa anavula jekete lija. Analipinda bwinobwino monga ankachitira m'mawa uliwonse, n'kuvula wezulo yawo ya utcheya, n'kuiika pamwamba pake. Zonse anazipereka kwa Feston ndi manja awiri. Opanda jekete anaoneka ochepa thupi, madala wamba a malaya othethuka kolala. Tadala anamva ngati wawavula yekha, ndipo analira osabisa.

A sajeni atatsanzika n'kukwera galimoto, anthu akuyamba kubalalika, Kalisto anapita kukagwada pamaso pa a Mulepa.

"Bambo, munandipulumutsa, ine ndakuchotsetsani pa mpando. Ndilibe chobweza. Koma miyendo ndili nayo. Ngati komiti ingalole, ndizilondera nawo dera lino."

A Mulepa sanamuyang'ane.

"Ine si tcheya. Funsa awo."

Feston anali atavala kale jekete la utcheya pamwamba pa lake. Anamwetulira mokoma, mwa munthu amene Mulungu wamuyankha mapemphero awiri tsiku limodzi.

"Takulandirani, achimwene. Anthu odzipereka ndi amene tikuwafuna. Malo osowa munthu alipo amodzi, pa kamlatho. Mumakadziwa kale. Muyamba lero."

"Ndi ndani?" anafunsa a Rafaeli.

"Mnzawo timupeza m'sabatamu. Tochi tiwapatsa."

"Nanga wezulo?"

Feston anatola wezulo ya nambala 14 patebulo, n'kuiponya m'thumba.

"Mawezulo ndi a nyumba za dera lino. Achimwenewa ndi akutsidya. Lamulo lachisanu ndi chiwiri, madala. Mwaona nokha kuti silisankha nkhope."

"Musavomere," Tadala ananong'ona.

Koma Kalisto ankayang'ana msana wa a Mulepa, amene anali atayamba kale kuyenda okha kulowera kunyumba.

"Ndavomera," anatero.

*

Dzuwa likulowa, a Mulepa anali pakhonde. Nthawi imeneyi masiku onse ankakhala akupukuta tochi, kuyesa mabatire, ndi kuitana anyamata mayina. Lero manja anali pamaondo, opanda chochita. A Selina anawaikira tiyi, anazizira osamukhudza.

Tadala anagwada chapatali.

"Adadi, ndikhululukireni."



"Ukanakhala chete," anatero a Mulepa, maso ali kumsewu, "ndikanapereka mwana wa eni wosalakwa ndi dzanja langa. Pamenepo wandipulumutsa, ndipo sindidzaiwala. Jekete ndi nsalu chabe. Chikundiwawa ndi Lachisanu. Unagwada m'nyumbamu, ukundipukuta magazi, ine n'kumakuuza kuti usaope wakuba. Unandisiya ndigone ndikuganiza kuti ndalephera kulondera nyumba yanga yomwe. Ndinakhala bambo woopsa chotere, woti mwana wanga sangandinong'oneze?"

"Ayi, adadi. Ndinkaopa kukupwetekani."

"Wandipwetekabe."

Anatambasula dzanja, n'kumugwira pamutu kamodzi, monga ankachitira ali wamng'ono akadwala malungo. Kenaka analibweza.

"Za mnyamatayo usandiuze kanthu. Amalume akewo asavutike kubwera. Sindinakonzeke kuwaona, ndipo sindikudziwa ngati ndidzakonzeke."

Nthawi yomweyo magetsi anazima. Ndirande yonse inabuula pamodzi monga imachitira, mawailesi n'kukhala chete. Mumdimamo foni ya Tadala inawala. Sanali mafulashi awiri. Unali uthenga, woyamba umene Kalisto anawonongerapo yuniti.

Ndafika pa kamlatho. Ndifulasha m'mawa. Usadandaule, Novembala.

Tadala anayang'ana kumunsi. Kunali bii, kupatula kakuwala kamodzi ka tochi pakati pa nthochi. Anyamata a pa kamlatho ankamudziwa Kalisto nkhope, ndipo pofika nthawi imeneyi dera lonse linali litamva kuti ali yekha.

Miyendo inamutenga yokha. Analowa m'nyumba, n'kupapasa kuseri kwa chitseko, n'kunyamula renikoti. Chala chake chinakhudza msomali wozizira.

"Wezulo palibe, mwana wanga," anatero bambo ake kuchokera pakhonde, mawu ali pansipansi. "Ndi yanga yomwe ndapereka."